Mawu Amodzi Ankaphimba Mavuto Anayi

Ku Nancholi kunali mnyamata wina wa kabaza wa njinga yamoto, wansangala, wodziwika pa siteji. Mu Marichi 2023, namondwe wa Freddy atatsitsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche, iye anali m'gulu la anthu amene anathamangira ku Chilobwe ndi makasu kukafukula anzawo okwiririka. Zimene anaona kumeneko sanauze munthu. Mu Novembala chaka chomwecho kwacha inagwa ndi 44 peresenti, mafuta anakwera mtengo, koma mwini njinga ankafunabe ndalama zake za tsiku. Mnyamatayo analowa katapila.

Anayamba kuwonda. Mvula ikangoyamba kugunda malata usiku, ankadzuka n'kukhala pakhomo atavala nsapato mpaka kucha. Anzake akamufunsa, yankho linali limodzi: "Ndi stress chabe, aise." Iwo ankaseka n'kumati, "Stress tili nayo tonse, amwene. Mwamuna salira, tiye ukamwe kamodzi."

Apa ndi pamene zinalakwika. Mawu akuti stress tawazolowera kwambiri m'matauni muno, moti amene watha mayunitsi mufoni ndi amene moyo wamukwana akunena chimodzimodzi. Komatu Chingerezi chimasiyanitsa. Pressure ndi zokupanikiza zochokera kunja: lendi, fizi, wangongole amene waima pakhomo. Stress ndi mmene thupi ndi maganizo zikuyankhira: mutu kupweteka, mtima kuthamanga, kupsa mtima msanga. Trauma ndi bala la mumtima lobwera munthu akaona zoopsa, ndipo limatha kumabweza zoopsazo m'maloto kwa miyezi. Depression ndi matenda enieni: kukhumudwa kosatha kwa masabata awiri kapena kuposa, kusakondanso zimene unkakonda, kusowa tulo ndi chilakolako cha chakudya, nthawi zina kuganiza zodzipha. Mnyamata uja anali ndi zonsezi, koma anaziika m'mawu amodzi opepuka, ndipo omumva anazipeputsanso.

Anamupulumutsa ndi mlongo wake, wogulitsa tomato kumsika. Tsiku lina anapeza nsima yadzulo ili chivundikirire, mchimwene wakeyo atagawa zovala zake kwa anzake. Sanalole kuuzidwa za stress. Anakhala pamkeka n'kunena kuti, "Achimwene, ndiuzeni m'Chichewa. Chikukudyani n'chiyani? Mwaganizapo zodzichotsa moyo?" Mnyamatayo analira kwa nthawi yaitali, kenako anavomera. M'mawa mwake anapita limodzi ku chipatala cha Queen Elizabeth, kumene anayamba kulandira uphungu ndi mankhwala. Achibale anasonkherana n'kukambirana ndi wakatapila uja. Kuchira kunatenga nthawi, ndipo njinga anali atailuza kale chifukwa cha miyezi imene inatayika anthu akuseka.

Owerenga, mnzanu akati ali ndi stress, musathamangire kumuyankha kuti limba mtima. Mufunseni kuti zinayamba liti, ngati akugona, ngati akudya. Kufunsa munthu mosabisa za maganizo odzipha sikumuika maganizowo m'mutu, koma kumamupatsa mpata wolankhula. Ngati zatha masabata awiri osasintha, mperekezeni kuchipatala, monga mukanachitira akanadwala malungo. Ndipo inuyo mukavutika, tchulani vutolo ndi dzina lake lenileni, m'chilankhulo chimene amayi anu angamve, kuti okukondani adziwe poyambira kukuthandizani.