Phunziro: Uthenga wa pa foni ufike, koma chinsinsi chisungike

Phunziro la ulendo uno likukhudza kanthu kamene ambiri a ife timamanga kunsonga ya chitenje: lamya ya m'manja, imene tonse tangoizolowera kuti foni. Tikufuna tidziwe njira zimene uthenga umayendamo, chifukwa chimene uthenga wina sufika, ndiponso m'mene tingasungire nkhani za m'nyumba mwathu.

Kumene tachokera

Kuno ku Mzimba kutumizirana mau ndi abale akutali si chinthu chachilendo. Makolo athu ankapita ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, imene pambuyo pake inatchedwa TEBA, mpaka maulendowo anatha mu 1988. Kalata inkatenga masabata kuti ifike, ndipo mayi wosadziwa kuwerenga ankaitana mwana wa sukulu kuti amuwerengere. Mwanayo ankamva zonse: ndalama zimene zatumizidwa, madandaulo ngakhalenso matenda. Lero ana athu akupitabe ku Johannesburg, Durban ndi Cape Town. Foni yalowa m'malo mwa kalata, koma funso likadali lomwe lija: kodi winanso amene akuwerenga nafe ndani?

Njira zitatu za uthenga

Yoyamba ndi SMS. Uwu ndi uthenga wolemba wa zilembo zosapitirira 160 pa uthenga umodzi. Umalowa m'foni iliyonse, ya mabatani kaya yaikulu, ya TNM kaya ya Airtel, ndipo sufuna intaneti. Koma SMS ili ngati kalata yopanda envulopu. Imadutsa m'makina a kampani ya foni isanatsekedwe m'njira yoti owerenga akhale inu awiri nokha.

Yachiwiri ndi WhatsApp, imene inayamba mu 2009 ndipo inagulidwa ndi Facebook mu 2014. Imafuna foni yaikulu ndi bandulo ya intaneti. Ubwino wake ndi wakuti siyang'ana mtundu wa foni: wa itel, wa Tecno, wa Samsung ndi wa iPhone amalankhulana bwinobwino. Kuyambira mu 2016 mauthenga, zithunzi ndi mau a pa WhatsApp zimatsekedwa pochoka m'foni mwanu ndipo zimakatsekukira m'foni ya wolandira. Panjira ngakhale kampani ya foni singathe kuziwerenga. Komabe mafoni akale amasiyidwa m'mbuyo. Mwachitsanzo, kuyambira mu October 2023 WhatsApp inaleka kugwira ntchito m'mafoni a Android akale kuposa 5.0. Foni imene mwana anakusiyirani kalekale ikakana WhatsApp, mwina siinaonongeke, yangokalamba.

Yachitatu ndi iMessage, imene imapezeka m'mafoni a iPhone ndi zipangizo zina za kampani ya Apple zokha. Mwana wanu wa ku Joni akalembera mnzake wa iPhone, uthenga umaoneka wa buluu ndipo umakhala wotsekedwa. Akalembera inu a Tecno kuchokera pamalo omwewo, uthenga umasanduka wobiriwira, ndipo kawirikawiri umapita ngati SMS ya kunja kwa dziko, yodya mayunitsi, chithunzi nacho n'kulephera kufika. Mu 2024 Apple inalola njira yatsopano yotchedwa RCS kuti iPhone ndi Android zizimvana bwino, koma imagwira ntchito pokhapokha ngati kampani ya foni ya munthuyo yaivomereza. Choncho mwana akati, "Amama, ndinatumiza chithunzi cha mdzukulu wanu," inu osachiona, musafulumire kunena kuti wanama. Muuzeni atumizenso pa WhatsApp.

Tidziwenso kuti njirazi sizilowana. Uthenga wa pa WhatsApp sungagwere mu Messenger kapena mu SMS. Ku Ulaya lamulo linakakamiza eni WhatsApp kuti kuyambira mu 2024 atsegule khomo kwa makampani ena, koma lamulolo ndi la kumeneko. Kuno wotumiza ndi wolandira ayenera kukhala pa njira imodzi.

Tisasiye ena m'mbuyo

Izi zikukhudza magulu athu. Mlembi amalemba uthenga wa maliro pa gulu la WhatsApp n'kuganiza kuti onse amva. Amayi a pa boma ndi pa Jenda amvadi. Nanga mayi wa kumidzi ya ku Edingeni kapena ku Luwerezi amene ali ndi kafoni ka mabatani? Nanga amene bandulo inamuthera dzulo? Iwo amamva mwambo utatha, ndipo amadandaula kuti tawasala. Uthenga wa onse, monga maliro, tsiku la msonkhano kapena ulendo wokaona odwala, upite pa WhatsApp ndi pa SMS pomwe, ndipo pakhale mayi mmodzi m'dera lililonse wokauza anzake pakamwa. Kwa amene maso akuvuta, uthenga wa mau m'Chitumbuka kapena m'Chichewa umathandiza kuposa wolemba.

Loko ili panjira, osati pakhomo

Apa ndi pamene pagona phunziro lathu. Loko ya WhatsApp imateteza uthenga uli panjira. Ukafika m'foni, aliyense wogwira foniyo angathe kuuwerenga. Nkhani zathu zambiri sizibedwa ndi akatswiri a makompyuta akutali, zimatulukira m'manja mwathu momwe.

Taganizirani manja amene foni yanu imadutsamo pa sabata imodzi. Timaisiya kotchajitsa pa msika tsiku lonse. Timaipereka kwa mnyamata wokonza mafoni pamodzi ndi nambala yotsegulira. Timabwereka mnansi kuti aimbire m'bale wake. Timaitana mdzukulu kuti atiwerengere, monga ankachitira amayi athu ndi makalata a Wenela. Wina atagwira foni yanu kwa mphindi zochepa angathe kulumikiza WhatsApp yanu ku foni kapena kompyuta yake, n'kumawerenga mauthenga anu ali kwawo.

Achinyamata ena amatiikira pulogalamu yotchedwa GB WhatsApp ndi zina zofanana nayo, amati ndi zokongola. Izi sizichokera kwa eni WhatsApp. Palibe amene angatsimikize kuti zikusunga chinsinsi chanu, ndipo nambala yanu ingathe kutsekedwa chifukwa cha izo. Zina zimasunga ngakhale uthenga umene wotumiza wafufuta. Choncho tisadalire kufufuta, pakuti wolandira angakhale atajambula kale kapena kutumiza kwina.

Gulu si kuchipinda

Ife amene tinagwirapo ntchito ya unamwino tinaphunzitsidwa kuti matenda a munthu ndi ake, ndipo mwini wake ndiye asankhe womuuza. Tinaonapo izi zikusweka pa foni. Mayi wina anagonekedwa m'chipatala, ndipo mnzake wokamuona, mwa chifundo ndithu, anamujambula ali pabedi. Anaika chithunzicho pa gulu, natchula dzina ndi matenda ake, kuti anthu amukumbukire. Dzuwa lisanalowe uthengawo unali utafika ku Johannesburg. Mwana wa mayiyo anamva za matenda a mayi ake kuchokera kwa munthu wogwira naye ntchito, banja lisanakhale pansi kuti limuuze. Mayi uja anachira, koma kugulu sanabwerenso kwa nthawi yaitali.

Loko ya WhatsApp inagwira ntchito yake bwinobwino tsiku limenelo. Chimene chinasowa ndi loko ya pakamwa. Gulu la anthu 60 ndi makomo 60 otulukira nkhani. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Mlomo wa pa foni umatsata munthu mpaka kutsidya kwa Limpopo.

Nambala ikasintha

Ana athu amasintha manambala kawirikawiri, lero ya +27, mawa ya +265. Simukhadi ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito, kampani imaipereka kwa munthu wina. Mungathe kumatumiza nkhani za banja kwa mlendo muli phee. Akuba nawo amadziwa kuti mabanja ambiri kuno amadikira ndalama za ku Joni. Amalemba kuti, "Amama, foni yanga yabedwa, iyi ndi nambala yatsopano, tumizani ndalama msanga." Ena amati atumiza ndalama molakwitsa pa Airtel Money kapena pa Mpamba yanu, mubweze. Ena amapempha manambala 6 amene WhatsApp yakutumizirani pa SMS. Mukawapatsa, alanda WhatsApp yanu ndipo ayamba kupempha ndalama kwa abale anu m'dzina lanu.

Lamulo likutinji

Kuyambira mu 2018 simukhadi iliyonse m'Malawi imalembetsedwa ndi chiphaso cha mwini wake. Ndiye tisalembetsere munthu wina simukhadi ndi chiphaso chathu, chifukwa akalakwira nayo, wofunsidwa ndi ife. Lamulo la mu 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security Act limaletsa kuzunza, kuopseza kapena kunyoza munthu kudzera pa foni ndi pa intaneti. Mu 2024 kunabweranso lamulo la Data Protection Act, loyang'aniridwa ndi bungwe la MACRA, limene limaika nkhani za umoyo wa munthu m'gulu la zofunika kusamalidwa mwapadera. Wina akakuopsezani kuti afalitsa zithunzi zanu kapena za mwana wanu, musafufute mauthengawo. Ndi umboni wopita nawo kupolisi.

Zoti tichite

1. Ikani nambala yotsegulira foni, ndipo isakhale chaka chanu chobadwa.
2. Pa WhatsApp ikani nambala yachiwiri yachinsinsi pa malo olembedwa kuti Two-step verification. Pemphani munthu wodalirika akusonyezeni, koma nambalayo mulembe nokha.
3. Kamodzi pa mwezi onani pa Linked devices. Mukapezapo chipangizo chosachidziwa, chichotseni.
4. Popereka foni kotchajitsa, izimitseni. Popereka kokonzetsa, chotsani simukhadi ndi memori khadi.
5. Nambala yachinsinsi ya Airtel Money kapena Mpamba, ndi manambala 6 aja, musauze munthu, ngakhale atanena kuti akuimba kuchokera ku kampani.
6. Uthenga wopempha ndalama ukabwera, imbani kaye kuti mumve mau a mwini wake, kapena funsani m'bale wina.
7. Matenda, mavuto a m'banja ndi ngongole za munthu zisalowe pa gulu popanda chilolezo chake. Nkhani yolemera imbani foni kapena pitani nokha.

Mafunso okambirana

1. M'gulu lathu ndi angati ali pa WhatsApp, ndipo ndi angati alibe? Amene alibewo amamva bwanji uthenga?
2. Sabata yathayi foni yanu yagwidwa ndi anthu angati?
3. Mnzathu akadwala, tingadziwitse bwanji gulu popanda kumuvula? Ndani ayenera kupempha chilolezo?
4. Tigwirizane malamulo atatu a gulu lathu la WhatsApp, ndipo mlembi awalembe m'buku.

Pa msonkhano wotsatira aliyense abwere ndi foni yake. Amene akudziwa akhale pambali pa amene sakudziwa, tithandizane mfundo yoyamba, yachiwiri ndi yachitatu tisanabalalike.