Seva imodzi ikwanira?

Kalata yalero yachokera ku Lisungwi m'boma la Neno. Mnzathu wosamalira makompyuta akufuna kusamutsira ntchito za maseva 4 akale mu seva imodzi, ndiye akufunsa kuti igulidwe yamphamvu bwanji.

Achimwene a ku Lisungwi, musangowonkhetsa ma core (zigawo za purosesa) olembedwa pa makinawo. Yambani mwayeza kuchuluka kwa ma core amene akugwiradi ntchito kwa mwezi wathunthu, makamaka kumapeto kwa mwezi potumiza malipoti. Ngati seva iliyonse ili ndi ma core 4 koma ntchito ikachulukitsitsa imagwiritsa ntchito theka, mukufunika 8, osati 16. Onjezerani ena pang'ono chifukwa ntchito imakula. Mwina munena kuti kupatsa pulogalamu iliyonse ma core ochuluka n'kosaopsa. Ayi ndithu, zimayamba kudikirana ngati zidebe pamjigo, zonse n'kumachedwa. Omvera nonse, musazimitse seva yakale musanayese bwino yatsopanoyo.