Za msewu wolipira wa N4

Bambo mlangizi,
Ndikunyamuka ku Msumba pa galimoto kupita ku Joni kudzera ku Maputo. Bwanji amalipiritsa pa N4?

Yankho:
Bambo, walira mvula walira matope. Pakuti maboma a Mozambique ndi South Africa, pofuna msewu wotakata wolumikiza doko la Maputo ndi Pretoria kudzera pa Ressano Garcia, anaupereka mu 1997 kwa kampani ya TRAC kwa zaka 30, kuti iwukonze ndi ndalama za oyendamo. Konzeranitu metikali za pa zipata za Maputo ndi Moamba, ndi marandi kutsidyako. Sungani malisiti, ndipo galimoto likafa, liimikeni pambali, muimbe nambala ya chithandizo yolembedwa pa zikwangwani. Musaoloke msewuwo pansi.