PHUNZIRO 14: NKHAWA YA MAYI NDI MAGAZI A MWANA

Tiwerenge pamodzi.

Mwana ali m'mimba sapuma ndi mapapo. Sadyanso ndi kamwa. Mpweya ndi chakudya amazilandira kwa mayi. Magazi a mayi amafika kunsengwa. Pamenepo mpweya ndi chakudya zimalowa m'magazi a mwana. Magaziwo amayenda m'chingwe cha mchombo. M'chingwemo muli mitsempha 3. Umodzi umapita ndi magazi kwa mwana. Iwiri imabwerera nawo kunsengwa. Mtima wa mwana umagunda ka 110 mpaka ka 160 pa mphindi.

M'miyezi yomaliza mwana amafuna zambiri. Magazi a mayi okwana pafupifupi theka la lita amafika kuchiberekero mphindi iliyonse.

Tikachita mantha mtima umathamanga, ndipo mitsempha ina imapanikizika. Mu 1999 madokotala a ku London anafalitsa zotsatira za kupima amayi 100 oyembekezera. Anapeza kuti vuto la magazi kuyenda movutikira kupita kuchiberekero linali lofala mwa amayi ankhawa kwambiri kuposa mwa anzawo.

Tisaope nkhawa ya tsiku limodzi. Aliyense woyembekezera amakhala nayo. Yofunika kuisamala ndi nkhawa ya masabata ambiri, yosagonetsa tulo, yoletsa kudya.

Nkhawayi imachokera kuti? Chipatala chili kutali. Nkhokwe yatha. Kumunda kukufunika khasu. Pakhomo pali mikangano. Umenewu si mlandu wa mayi. Kumupeputsira mtolo ndi ntchito yathu tonse.

Tichite chiyani?

1. Abambo, titunge madzi, titole nkhuni. Mayi apume.
2. Apongozi, tisamuopseze ndi nkhani za amayi amene anavutika pochira.
3. Tikonzeretu njinga kapena ngolo, nsalu ndi ndalama za ulendo.
4. Mayi azigona chammbali, osati chagada. Magazi amayenda bwino akagona chammbali.
5. Mayi azipita kukapimidwa. Akafotokozenso nkhawa zake kwa anamwino.

Mwana akachepetsa kusuntha, magazi akamatuluka, kapena mutu ukamapweteka kwambiri, tisadikire kuti kuche. Tipite naye mayi kuchipatala nthawi yomweyo.

Tikambirane:
Mwana ali m'mimba amalandira bwanji mpweya?
M'mudzi mwathu, mayi amafika bwanji kuchipatala usiku?
Ndi ntchito iti imene tingamulandire mawa?

Tilembe: magazi, nsengwa, mchombo, nkhawa, mtima.