Mphunzitsi Wosaona wa ku Alexandria

Mphunzitsi wosaona kapena wolumala miyendo akatumizidwa ku sukulu ya pa mudzi, makolo ena amayamba kung'ung'udza kuti: "Ana athu adzaphunzira chiyani kwa munthu wotere?" Funso limeneli Eklezia adaliyankha kalekale.

Mu mzinda wa Alexandria, m'dziko la Egypt, munali munthu dzina lake Didymus, amene adabadwa cha m'ma 313. Ali ndi zaka zinayi, asanadziwe ndi lemba limodzi lomwe, maso ake adachita khungu. Mwanayo sadataye mtima. Adaphunzira malemba pakukhudza ndi zala zizindikiro zozokotedwa pa thabwa, ndipo zimene ena ankamuwerengera masana, iye ankazisinkhasinkha usiku, anzake ali m'tulo, mpaka zitakhazikika mu mtima. Motero adadziwa Malembo Oyera, masamu ndi nzeru zina zambiri.

Atakula, adapatsidwa udindo wotsogolera sukulu yotchuka ya chiphunzitso chachikhristu mu mzindamo, ndipo adaphunzitsa zaka zambiri kufikira imfa yake cha m'ma 398. Jerome Woyera, yemwe adamasulira Baibulo m'Chilatini, adapita kwa iye mu 386 kukamfunsa mau ovuta a Malembo. Ndipo pamene ena ankati "wakhungu", iye ankamtcha "wopenya". Tisabise kuti pa mfundo zina Didymus adatsata maganizo a Origen, amene Eklezia adawakana pambuyo pake. Koma kulakwa kumeneko sikudachokere m'maso, pakuti openya ambiri adaphonya pomwepo.

Taonani tsono chimene chidamthandiza: panali womuwerengera, panali womulembera mabuku ake, panalinso akulu a Eklezia amene sadachite manyazi kumpatsa mpando. Masiku ano ntchitoyi idapepuka, chifukwa Louis Braille, amenenso adali mphunzitsi wosaona ku Paris, adafalitsa mu 1829 malemba a timadontho owerengedwa ndi zala. Chimene chimasowa kawirikawiri ndi zinthu zazing'ono: khomo lopanda masitepe, chimbudzi chofikika, mnzake wolemba pa bolodi ndi womuwerengera makope a ana.

Inu akatekisiti, pa msonkhano wotsatira wa mphakati mufunsane: kodi pa sukulu yathu, kapena m'kalasi la katekisimu, alipo amene tidamkana ntchito chifukwa cha thupi lake? Ngati alipo, mudziwitse Bambo Mfumu dzina lake.