Apilo sifufuta zimene unanena wekha m'khoti

M'bale wanga, ukadzapezeka pa mlandu, usadzaganize kuti apilo idzatsuka mawu ako onse. Mlandu ukabwezedwa kuti uyambirenso, chigamulo chimafa, koma zimene unalankhula utalumbira zimakhala zili m'mabuku a khoti.

Mu 1960, mumzinda wa Washington ku America, munthu wina anawomberedwa pakhomo pake n'kufa. Apolisi anagwira mnyamata wotchedwa Eddie Harrison ndi anzake awiri. Pozenga mlanduwo mu 1963, loya wa Harrison anauza khoti poyambirira kuti mnyamatayo saperekera umboni. Kenako a boma anatulutsa masitetimenti atatu omwe ankati Harrison anavomeramo kuti anapita kukaba. Atamva zimenezo, Harrison anaimirira kuti adziteteze.

Apa ndi pomwe zinakhotera. Iye anafotokoza kuti anapita kunyumbako kukapinyolitsa mfuti, ndipo mfutiyo inalira mwangozi pamene ankaionetsa kwa mwini nyumba. Kwa iye kumeneko kunali kukana mlandu. Koma tamvetsetsa zimene ananenazo. Anavomera kuti analipo. Anavomera kuti mfuti inali m'manja mwake. Anavomera kuti ndi mfuti yomweyo imene inapha munthu. Kodi a boma akanafunanso chiyani? Zimene akanavutika nazo kufunafuna mboni, iye anawapatsa ndi pakamwa pake.

Anamupeza wolakwa, koma khoti la apilo linapeza kuti masitetimenti aja anatengedwa mophwanya malamulo, ndipo linathetsa chigamulo. Mu 1966 mlandu unazengedwanso. Masitetimenti sanaloledwe, koma loya wa boma anangotsegula mabuku a mlandu wakale n'kuwerenga umboni wa Harrison uja. Anamupezanso wolakwa.

Mu 1968 khoti lalikulu kwambiri la dzikolo linamuwombola pa mfundo imeneyi. Oweruza 6 mwa 9, kudzera mwa Potter Stewart, anati boma silinaonetse kuti Harrison akanalankhulabe pakanapanda masitetimenti osavomerezekawo. Usathamangire kusangalala nazo. Chigamulo chomwecho sichinagwetse lamulo loti amene wasankha yekha kuperekera umboni, mawu akewo angathe kuwerengedwa pa mlandu wobwereza. Harrison anadutsira pakhomo lopapatiza, ndipo pofika pamenepo n'kuti atatha zaka zambiri m'ndende.

Ndikudziwa mmene mtima umatenthera munthu akamakunamizira pagulu. Umamva ngati kukhala chete ndi kuvomera. Kutentha mtima kumeneko ndiye chizindikiro choyamba choti waima pangozi. Ukadzimva ukukonza chiganizo choyamba ndi "ndinalipo, koma", ima kaye. Wina akakuuza kuti "ingofotokozani, zikavuta tidzakonza pa apilo", mufunse: kodi mawu angawa adzapita kuti mlandu ukadzayambiranso? Nanga ngati nkhani yako ya lero idzasiyana pang'ono ndi ya mawa, ndani adzakukhulupirira?

Sindikuti usadzalankhule konse. Pali milandu imene umboni wa woimbidwa mlandu ndi umene umamupulumutsa. Koma kuno ku Malawi gawo 42 la malamulo aakulu a dziko limakupatsa ufulu wokhala chete ndiponso wosaperekera umboni pa mlandu wako. Usanautaye ufulu umenewo, khala pansi ndi loya, ndipo ngati ulibe ndalama pita ku Legal Aid Bureau. Mufotokozere zonse, mugwirizane kaye, kenako ndiye ukweze dzanja kulumbira.