Ulendo wa ku Mzinda wa Miyala

Ana inu a ku Kafue mumaudziwa bwino mtsinje wathu, ndi mlatho wa njanje umene unamangidwa m'caka ca 1906, ndi mafakitale kumene makolo a ena a inu amagwira nchito. Koma ambiri a inu simunaione nyanja yamcere. Lero tiphunzira za mzinda wakale wa pa cisumbu ca Zanzibar, umene ndinauona ndi maso anga pa nthawi ya chuthi, pamodzi ndi aphunzitsi anzanga.

Tinacoka ku Kafue pa basi, tinapyola Lusaka, ndipo tinafika ku Kapiri Mposhi. Pamenepo tinakwera sitima ya TAZARA, imene njanje yace inatha kumangidwa m'caka ca 1975, ndipo utali wace ndi makilomita 1,860. Panjira tinapyola Serenje. Dzina limeneli mulisunge, pakuti tidzakomana nalonso. Titagona m'sitima mausiku awiri tinafika ku Dar es Salaam, m'dziko la Tanzania, ndipo tinaoloka nyanja pa sitima ya pamadzi maora awiri.

Padooko panali munthu wotiyembekezera, amene nchito yace ndiyo kutsogolera alendo ndi kuwafotokozera mbiri ya mzinda. Akulu anati, safunsa anadya phula. Mlendo wopanda womtsogolera amasokera msanga m'mzindamo, cifukwa njira zace ndi zopapatiza ndi zokhotakhota, kotero kuti m'njira zambiri galimoto silingathe kupita. Anthu a kumeneko amalankhula Ciswahili, ndipo tinakondwa kumva mau ofanana ndi athu, monga moto, nyama ndi mbuzi.

Mzindawo umachedwa Stone Town, ndiko kunena Mzinda wa Miyala, cifukwa nyumba zace anazimanga ndi miyala yocokera m'nyanja, naimata ndi njereza. Zitseko zace ndi zazikulu, za matabwa osemedwa mwaluso, ndipo zina ziri ndi misomali yamkuwa yonyezimira.

Poyamba mtsogoleri wathu anatitengera ku linga lalikulu loyang'ana kunyanja. Aluya a ku Oman ndiwo analimanga, pafupi ndi caka ca 1700, atapitikitsa Apwitikizi amene ankalamulira gombe limenelo. Makoma ace ndi atali ndi ocindikala, ndipo m'ngondya mwace muli nsanja za alonda. Ine ndinakumbukira malinga a mitengo amene makolo athu ankamanga pozinga midzi yao poopa nkhondo. Masiku ano m'lingamo mulibe asilikali. Muli anthu ogulitsa zosemasema, ndi bwalo la masewero.

Tinafunsa kuti, "Kodi cuma comangira nyumba zokongola zotere cinacokera kuti?" Mtsogoleriyo anayankha kuti cinacokera ku malonda atatu: zokometsera cakudya zochedwa karafuu, minyanga ya njobvu, ndi anthu. Atanena mau otsirizawo tinakhala cete tonse, ndipo iye anatitengera pamalo pamene panali msika wa akapolo.

Ambiri a anthu amene anagulitsidwa pamsikapo anali a maiko athu ano, a kufupi ndi Nyanja ya Malawi ndi a ku Luangwa. Ankagwidwa pa nkhondo kapena kubedwa m'midzi, ndipo amuna ankabvekedwa magoli m'khosi. Ku Nkhotakota kunali Jumbe, amene ankawaolotsa nyanja m'zombo. Kucokera kutsidyako ankayenda pansi miyezi ingapo kufikira ku Kilwa, ena atasenza minyanga, ndipo ambiri ankafera m'njira. Otsalawo ndiwo ankawatengera ku Zanzibar. Ena a iwo anali ana a msinkhu wanu.

Pamalopo tsopano pali cikumbutso: mafano asanu a anthu aimirira m'dzenje, maunyolo ali m'khosi mwao. Mmodzi wa anzanga anayang'ana nkhope zao nthawi yaitali, nati, "Uyu afanana ndi amalume anga." Palibe amene anaseka.

Msikawo unatsekedwa m'caka ca 1873, pamene Sultan Barghash anasaina pangano ndi John Kirk, nduna ya Angelezi, amene kale anayenda ndi David Livingstone pa mtsinje wa Zambezi. Pa tsiku la Khirisimasi m'caka comweco amishoni anaika mwala woyamba wa chalichi lalikulu pamalo a msikawo. Bishopu Edward Steere ndiye anayang'anira nchito yomanga, ndipo manda ace ali m'chalichimo, kuseri kwa guwa. Ukapolo weniweniwo unathetsedwa ndi lamulo pa cisumbupo m'caka ca 1897.

M'chalichimo mtsogoleri wathu anatilozera mtanda waung'ono wamtengo, nafunsa kuti, "Inu a ku Zambia, kodi mwauzindikira mtengo uwu?" Tinati iai. Pamenepo anatiuza kuti unacokera kwathu. Mukukumbukira Serenje? Kumpoto kwace kuli dziko la mfumu Chitambo, kumene Livingstone anafera m'mwezi wa May 1873, milungu yowerengeka msika usanatsekedwe. Iye analemba zambiri za nkhanza za malonda a anthu, kuti dziko lonse lidziwe. Anchito ace anakwirira mtima wace patsinde pa mtengo wa mpundu, umene ena amati muula. Pambuyo pace Susi ndi Chuma anatsogolera anzao kunyamula thupi lace miyezi isanu ndi inai kufikira ku Bagamoyo, kugombe la nyanja. Mtandawo unasemedwa kucokera ku mtengo umenewo.

Tinapita ku Zanzibar monga alendo okaona za eni ace, koma tinapezako mbiri yathu yomwe. Ulendo umene makolo athu anauyenda miyezi yambiri ali m'magoli, ife tinauyenda masiku atatu tiri pa mipando, ndipo tinabwerera kwathu, pamene iwo sanabwerere. M'caka ca 2000 bungwe la UNESCO linaika Stone Town m'gulu la malo ofunika kusungidwa ndi anthu a pa dziko lonse. Nyumba zokongola ndi malo acisoni zisungidwa pamodzi, kuti obadwa m'tsogolo asaiwale kuti munthu si katundu wogulitsa.

Mafunso

1. Pezani pa mapu Kafue, Kapiri Mposhi, Serenje, Dar es Salaam ndi Zanzibar.
2. Kodi ndani anamanga linga la ku Zanzibar, ndipo analimanga liti?
3. Fotokozani njira imene akapolo ankadzera kucokera ku Nkhotakota.
4. Kodi mtanda wa m'chalichimo unacokera kuti?
5. Funsani agogo anu zimene anamva za malinga ndi magoli, ndipo mulembe zimene akuuzani.